Mowa Wakuda M'chitsime cha Kudimba

Amuna anga anabwerako ku Joni m'nyengo yozizira, miyezi ija imene kuno ku Biriwiri nkhungu imagona pamsewu mpaka dzuwa litakwera. Anatsika basi ndi chikwama chimodzi, bulangete lomanga ndi chingwe, ndi katoni yomata tepi mbali zonse. Katoniyo sanalole kuti wina aigwire. Wakabaza atafuna kuimangirira panjinga anamukaniza, naisenza okha paphewa kukwera nayo chitunda mpaka kunyumba, akupumira m'mwamba.

Ine ndinkabwera m'mbuyo ndi bulangete pamutu, maso ali pa katoniyo. Zaka zonse zimene anakhala kunjako ndinkawauza chinthu chimodzi pafoni, kuti msana wanga watha ndi ndowa. Ndimalima kabichi, tomato ndi mbatatesi kudimba, ndipo madzi onse othirira ndinkatunga pamanja m'chitsime. Ndinkafuna kapampu ka injini. Poona mmene ankaisamalira katoni ija, mumtima ndinati mwina munthuyu anamva.

Atamatula tepi, munali mabotolo a mowa. Lililonse analikulunga m'sokosi kapena m'malaya akale, ndipo lililonse linali ndi chithunzi chakechake. Anawandandika pamphasa mosamala ngati mazira. Ndinatuluka kukawaikira madzi osamba pamoto.

Ku Joniko ankagwira ntchito pamalo ofululira mowa. Sanali pafakitale yaikulu ayi, koma pa kanyumba ka anthu awiri apachibale, kuseri kwa magalaja okonzera magalimoto. Akuti kumeneko tinyumba totere n'tambiri, ndipo aliyense amafulula mowa wa kukoma kwakekwake. Iwo anayamba ndi kutsuka mathanki ndi kukolopa, kenako anawakhulupirira mpaka kuwasiyira ntchito yokazinga chimera. Mowa umene ankaunyadira unali wakuda, umene ankautcha laga yakuda. Chimera chake ndi cha barele, mbewu yofanana ndi tirigu, chokazinga mpaka kuda, ndipo mowawo amaugoneka pozizira masabata ambiri usanapse. Zonsezi ndinkazimva ndi khutu limodzi. Ndinali ndi mabedi a kabichi ofuna madzi.

Kukhalanso ndi mwamuna m'nyumba kunandivuta. Ana anali atakula n'kuchoka, ndipo ine ndinali nditazolowera kudya pamene ndafunira, kugona pamene ndafunira. Tsopano panali munthu pakhonde woyembekeza tiyi, munthu wolankhula Chichewa chosakaniza ndi mawu achilendo, wosadziwa kuti mbuzi zimalowera kuti. Sitinkakangana. Tinkangodutsana ngati anthu okumana pachigayo.

Tsiku lina ndinachedwa kudimba, nyemba zili pamoto. Pobwera ndinamva fungo lopserera ndili kutali, ndipo ndinathamanga. Iwo anali khale pakhonde, pafupi penipeni ndi khomo la khitchini, akusoka nsapato. Utsi unkawadutsa pamphuno. Ndinapulumutsa zapamwamba, koma nazonso zinali zowawa moti ine ndinalephera kudya. Iwo anadya mbale yonse osakwinya nkhope.

Ndinawafunsa ngati sakumva kuti ndiwozo zapserera. Anayang'ana m'mbale.

"Mayi, ine m'kamwa mwanga munafa," anatero. "Chilichonse chimene ndimadya chimangokhala ngati thonje lonyowa."

Apa m'pamene anandiuza zimene anandibisira pafoni. Anadwala matenda a chifuwa aja amene anatseketsa malire a mayiko. Anachira, koma fungo ndi kukoma sizinabwerere. Munthu wosamva fungo sangadziwe kuti chimera chafika pake kapena chapsa, choncho anawabwezera kokolopa. Malonda atayamba kuvuta, woyamba kuchotsedwa anali wokolopayo. Potsanzikana, anzawo a m'tinyumba tina tofululira mowa anawapatsa aliyense botolo la mowa wakuda wa kwawo. Ndiwo mabotolo anali m'katoni aja, mphatso yopatsa munthu amene sakanatha kuilawa.

Patapita masiku anandipempha kuti ndiziwalawira n'kumawauza mmene ukukomera. Ndinakana. Mayi anga ankafulula masese, ndipo ndinakulira pakati pa chimera ndi mbiya, koma chikwatiwire sindinkamwa. Ndinawauza kuti amayi anzanga akutchalitchi adzandinena. Chifukwa chenicheni chinali mkwiyo wa pampu ija. Sanandikakamize. Koma masana ena ndinawapeza atakhala pamphasa, botolo lili m'manja, akulitembenuza uku ndi uku osalitsegula. Anati akatsegula okha ndiye kuti angoutaya. Ndinaona kuti tsitsi lawo layera kwambiri kumbuyo kwa makutu, ndipo ndinavomera, makamaka kuti nkhaniyo ithe.

Mowawo unkafunika kumwa wozizira. Furiji yapafupi inali m'sitolo ya bambo wina wachisilamu kumsewu, munthu amene kwa zaka zambiri ankandilola kubisa madengu a tomato pakhonde pake mvula ikagwa. Amuna anga anapita kukapempha malo a mabotolo awiri. Bamboyo anakana mwaulemu, kuti chakumwa chotere sichingalowe m'furiji yake, koma anawafunsa kuti furiji akuifuniranji m'nyengo imene madzi a m'zitsime akuluma mano. Anabwerako akuseka okha. Madzulo ake anamanga mabotolo awiri m'kathumba, naatsitsira ndi chingwe m'chitsime changa cha kudimba.

Tinayamba Lamulungu masana, titabwerako kutchalitchi. Tinakhala pansi pa mtengo wa pichesi ndi matambula awiri agalasi. Anatsegula mabotolo onse awiri, chifukwa akuti mowa umadziwika bwino ukakhala pambali pa unzake. Anathira mopendeketsa tambula, nandiuza kuti ndiyambe ndauyang'ana padzuwa, kenako ndinunkhize, ndimwe pang'ono, ndiusunge m'kamwa, ndimeze, ndidikire. Ndinadabwa kuti kumwa kungakhale ndi malamulo ochuluka chonchi.

Woyamba unkaoneka wakuda bii, koma padzuwa unali wofiirira ngati tiyi wochuluka masamba. Thovu lake linali la mtundu wa shuga wabulauni. Nditameza ndinati ukuwawa.

"Kuwawa kotani?" anafunsa. "Nimu amawawa, khofi amawawa, ndulu imawawa. Uwu uli pati?"

Ndinatsala pang'ono kuimirira n'kumapita. Ndinali nditadzuka kusanache kukathirira, ndipo tsopano ndinkafunsidwa mafunso ngati mwana wasukulu. Koma ndinamwanso, ndipo chinthu china chinandibwerera. Ndinawauza kuti uli ngati chimanga chokazinga chija chotsalira pansi pa phale, chakuda mbali imodzi, chimene ana amachikana koma akulu amachitola. Anatsinzina, nagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati ndi momwemo, ndipo anandiuza za munthu amene amafulula mowa umenewo, mzungu wamtali wosamva khutu limodzi amene ankalankhula ndi mathanki ake.

Wachiwiri unali wolemera ndi wotsekemera, ngati mbatata yootcha paphulusa, pamalo paja pamene pamatuluka timadzi tomata. Anandifunsa kuti wabwino ndi uti. Ndinati woyamba ukameza umachoka n'kusiya m'kamwa moyera, koma wachiwiri uli ngati mlendo amene watsanzika kalekale koma akadali pakhomo. Anaseka mpaka kutsokomola. Chibwerereni ndinali ndisanawamve akuseka choncho. Zotsala m'matambula anamwa okha, ngakhale kwa iwo zinali ngati madzi ozizira chabe.

Masabata otsatira tinapitiriza. Panali wina wonunkha utsi ngati nyama yowamba, umene sindinaukonde ngakhale pang'ono. Iwo anauikira kumbuyo, kuti eni ake amaumitsa chimera pa utsi dala, ndipo ine ndinati ngati n'dala ndiye kuti n'zoipa kwambiri. Wina unali wopepuka ngati madzi otsukira kapu ya khofi. Wina unkanunkhira buledi wongotuluka mu uvuni, ndipo umenewo ndinamaliza tambula yonse osawasiyira. Nthawi zina ankandiuza kuti papepala la pabotolo alemba kuti muli kukoma kwa chokoleti kapena kwa zipatso zimene sindinazionepo. Ndinkayankha kuti zimenezo akazifunse eni ake, ine ndikumva mtedza wokazinga ndi nzimbe yowauka ndi moto.

Sindinganene kuti ndinkasangalala nazo kwenikweni. Mowawo unkandigwetsa ulesi, pamene kuthirira kwa madzulo kukundidikira. Iwo ankatsala pansi pa pichesi akuyang'ana mabotolo opanda kanthu, ine n'kumakoka ndowa, miyendo ikulemera. Mayi wina wa kutchalitchi, wa dimba loyandikana ndi langa, anayamba kundipatsa moni wautali Lamulungu lililonse, akuyang'ana matambula.

Botolo lina ankalisunga padera. Linali la kuntchito kwawo, la mowa womaliza umene iwo anakazinga chimera chake asanadwale. Analisunga pansi pa bedi ku Joniko nthawi yonse ya matenda ndi ya kukolopa. Tsiku lolitsegula anavala malaya akutchalitchi mpaka kudimba, ndipo sanafune kuliika pambali pa linzake.

Potsegula silinalire ngati enawo. Thovu linangoonekera pang'ono n'kuzimirira. Nditanunkhiza ndinadziwiratu. M'kamwa unali ngati katoni yonyowa ndi mvula, ndipo kumapeto kwake unkawawasa. Iwo anali atandiyang'anitsitsa pankhope, manja ali pamawondo. Ndikanatha kuwauza za buledi ndi mtedza, sakanadziwa. Koma ndinali wotopa, ndipo bodza limafuna mphamvu.

"Bambo, uwu unafa," ndinatero. "Wakhalitsa. Mwina unali wabwino, koma lero mulibemo kanthu."

Anatenga tambula m'manja mwanga n'kumwa pang'onopang'ono mpaka kutha, kenako anathira zotsala m'botolo n'kumwanso. Ndinkaganiza kuti akwiya. M'malo mwake anayamba kulankhula, maso ali kuphiri. Anandiuza za kachipinda ka malata kamene ankagona ndi anthu ena ochokera kuno, za masiku amene ankaopa kutuluka chifukwa alendo ankasakidwa m'misewu, za mmene anagonera yekha akudwala, anzake atathawa m'chipindamo. Anati tsiku loyamba kubwerera kuntchito anaima pambali pa chimera chikukazingidwa, nakoka mpweya, osamva kanthu, ndipo anakalowa m'chimbudzi kukalira.

Inenso ndinawauza zanga, zimene pafoni ndinkazidula. Ndinawauza mmene ndinaberekera mayi awo kumbuyo kutsika nawo chitunda kukafuna galimoto yopita kuchipatala, ndi mmene mphepo inasasulira denga ana ali m'nyumba. Ndinawauza kuti panali zaka zina zimene sindinkawakumbukira nkhope. Sanapepese, inenso sindinawatonthoze. Tinangokhala pamenepo mpaka mthunzi wa phiri unatipeza, ndipo tsiku limenelo kabichi sanamwe madzi.

Ndinkayesa kuti mabotolo akatha nkhani yatha. Koma pansi pa katoni munali kathumba ka timaluwa touma towawitsa mowa, timene ankatitcha hopusi, ndi timapaketi ta yisiti. Anati kuzizira kwa kuno m'miyezi imeneyi n'kokwanira, chitsime chikhoza kugwira ntchito ya chipinda chozizira cha ku Joni. Barele kuno kulibe, koma mawere ndi chimanga zilipo. Ankafuna kufulula wawo mowa wakuda.

Ntchito yambiri inagwera ine. Ndine ndinkadziwa kunyika mbewu, kuzifundika kuti zimere ndi kuziyanika, monga ankachitira mayi anga. Ndine ndinkakazinga chimera m'phale, iwo ataima pambali akundifunsa kuti fungo lafika pati, ngati likadali la mtedza kapena layamba la khofi. Utsi unkandilowa m'maso. Tinaphika m'mphika waukulu wobwereka, n'kusefa pansalu, n'kudikira kuti zizizire. Anathira m'chigubu, naboola chitsekero n'kulowetsamo kapaipi kotulutsira mpweya, kenako chigubucho chinatsikira m'chitsime. Kuyambira pamenepo ndinkatunga madzi mozemba chigubu, chifukwa ndowa ikachigunda iwo ankadandaula tsiku lonse.

Mowa wathu woyamba unawawasa ngati bwemba, ndipo tinautaya. Iwo anati vuto linali chigubu chosatsuka bwino, natsuka china ndi madzi otentha mpaka manja anatupa. Wachiwiri tinaudikira nthawi yaitali. Atauthira m'mabotolo apulasitiki a zakumwa zoziziritsa kukhosi n'kuusiyanso m'chitsime masiku ena, tinatsegula limodzi. Linalira bwino, thovu linakwera. Unali wakuda ndithu, wopepuka kuposa a m'katoni aja, ndi kafungo ka mawere kamene enawo analibe. Ndinawauza kuti sukufika pa wa buledi uja, koma ukuposa wa utsi ndi wa madzi a khofi. Anandifunsa kawiri ngati sindikuwanamiza. Ndinawakumbutsa kuti wa pansi pa bedi uja sindinawanamize.

Anaitana mchimwene wanga, munthu wodziwa mowa kuyambira ali mnyamata, amene pamwambo uliwonse wa kwathu ndiye amagwira chipanda poyamba. Anabwera ndi anzake awiri. Mchimwene wangayo anadonthezera pang'ono pansi, monga amachitira, n'kumwa. Anatafuna m'kamwa mopanda kanthu, nayang'ana tambula.

"Alamu, mowa uwu ndi wa anthu okhuta kale," anatero. "Ife timafuna woti ukamwa, m'mimba muzikhala ngati wadya."

Mmodzi wa anzakewo anati ukufanana ndi mankhwala a chifuwa. Anamwa ndithu mpaka kumaliza, chifukwa mowa waulere sakana, koma pochoka ndinawamva akupangana zokatsukuluza m'kamwa ndi masese. Amuna anga anawaperekeza akumwetulira, koma pobwera kumwetulira kuja kunali kutatha. Munthu mmodzi yekha ndiye anaukonda, dalaivala wa lole amene anaima kudzagula mbatatesi. Anati anamwapo wotere kunja, natenga mabotolo angapo, nalonjeza kuti adzaimanso. Amuna anga anakhala akuyang'ana malole kwa masabata, koma munthuyo sanaonekenso.

Wachitatu tinauphika mochedwa. Kuzizira kunali kukutha, mphepo yafumbi itayamba, ndipo madzi m'chitsime anatsika n'kufunda. Ndinawachenjeza, koma anati tiyese. Titatsegula, thovu linatumphuka mpaka kumaso, ndipo fungo linali la nthochi zoola. Iwo sanamve kanthu, choncho anandipatsira tambula ndi nkhope ya chiyembekezo. Sindinalawe n'komwe. Ndinaika tambula pansi.

"Ine ndatopa," ndinawauza. "Ndakazinga, ndasefa, ndalawa. Madzi akutha m'chitsime, tomato akufota, ndipo wothirira ndi ine ndekha monga kale. Munabwera, koma ndowa sizinapepuke."

Ndinanena motsitsa mawu, chifukwa ndinalibe mphamvu zokalipa. Kenako ndinapita kunyumba n'kukagona, dzuwa likadali pamutu.

M'mawa mwake nditadzuka ndowa panalibe. Ndinawapeza kudimba akuthirira. Ankathira mwamphamvu mpaka kukumba mizu, ndipo mabedi ena anawadumpha. Ndinaima n'kumayang'ana, kenako ndinawaonetsa kathiridwe kake. Masana asanafike anali atagwira msana, akuyenda chowerama. Thupi lawo linali litatha kale ndi ntchito za eni, ndipo matenda aja anawasiyira befu. Anapirira nyengo yonse yotentha, koma zinali zoonekeratu kuti anthu awiri otha misana sapanga munthu mmodzi wamphamvu.

Chaka chotsatira, kuzizira kutabwera, tinafululanso kamodzi. Timaluwa totsala m'kathumba tinali titasuluka, tikununkha ngati nsapato, ndipo mowawo unatuluka wozizira m'kamwa, wopanda ukali. Tinaumwa tokha awiri Lamulungu lililonse mpaka unatha. Anayesa kutuma anthu a mabasi kuti awabweretsere tina, koma wina anaiwala, wina anabwera ndi zinthu zina zosiyana. Chaka chino sanatchulenso.

Mvula itatha tinagwirizana zogawa dimba. Mbali ya kumunsi, kumene kuli chitsime, tinapatsa mwana wa mchimwene wanga amene wangokwatira kumene, kuti azilima n'kumathirirako mabedi athu ochepa otsalawo. Zinandiwawa, chifukwa nthaka imeneyo ndinaifewetsa ndi manja anga, koma usiku ndinkalephera kutembenuka pabedi ndi ululu wa msana.

Tsopano amuna anga ndi amene amakhala kumsewu ndi kabichi ndi mbatatesi. Ndinkaganiza kuti sadzatha, koma amagulitsa kuposa ine. Madalaivala a malole ochokera kumwera akaima, iwo amawalankhula m'zinenero zimene anatola ku Joni, ndipo anthuwo amaseka, n'kugula zambiri kuposa zimene anaimira. Amabwera madzulo atapsa ndi dzuwa, fumbi lili m'tsitsi, n'kumandifotokozera za anthu amene akumana nawo, nkhani zazitali zimene nthawi zambiri sindizimva mpaka kumapeto. Ine ndikatha ntchito za m'mawa ndimayala mphasa m'chipinda, n'kutseka chitseko, n'kugona. Masiku oyamba ndinkadzidzimuka, kuganiza kuti pali chimene ndaiwala kuchita. Pano ndimagona mpaka mbuzi zitayamba kulira kuti zikufuna kulowa m'khola.